Loweruka ndili pa foliga (sindikugwira ntchito), ndikufuna kukaona nyanja yamchere: Cascais kapena Nazaré?

wa_ku_Domwe:

Moni nonse a kwathu ku Tete, amene muli kumudzi ndi anzanga amene tili kunja kuno. Ine kwathu ndi ku Domwe ku Angonia, pano ndili ku Portugal ndikukwanitsa miyezi 9 tsopano, ndimagona ku Amadora ndipo ntchito yanga ndi yomanga, kukanda simenti ndi kukweza mabuloko. Chibwerereni sindinapumepo Loweruka ngakhale limodzi, Lamulungu nde kuchapa, kuphika ndiwo za sabata yonse ndi kugona basi. Ndiye sabata ino abwana anena kuti Loweruka kulibe ntchito poti katundu sanafike, ndaona kuti mwayi ndi umenewu.

Nkhani yake ndi iyi. Amayi tikamalankhula pa WhatsApp sasiya kundifunsa kuti kodi nyanja yamchere ija waiona, eti n'zoona kuti tsidya lake silioneka? Ine ndimangoti ndidzapita mayi, ndidzapita. Zoona zake n'zoti chimene ndaona ndi mtsinje wa Tejo basi, pandege tinkauluka usiku ndiye pawindo panali mdima wokhawokha. Munthu wokulira ku Domwe madzi aakulu amene ndimawadziwa ndi Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, ngakhale ku Songo, kumene kuli damu la Cahora Bassa, sindinapondeko. Komanso mlongo wanga wamng'ono wandituma zigoba za m'nyanja, akuti aphunzitsi anawaonetsa pa chithunzi m'buku ndiye akufuna agwire yekha ndi manja.

Kuntchito mnzanga wa ku Cabo Verde akuti ndipite ku Cascais, wina wa ku Brasil akuti ayi Nazaré ndiye kuli mafunde aatali ngati nyumba zosanja, ndiye ndasokonezeka. Ndikufuna kupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, sindingagone kumeneko. Ndalama ndisapitirire 30 yuro, ndipo ngakhale imeneyo mtima ukundiluma chifukwa uno ndi Novembala, kumudzi akudikira ya feteleza ndipo mvula yayandikira. Kusambira sindidziwa. Amene munapitako chonde ndiuzeni kwabwino n'kuti, ndikwere chiyani ndipo nditenge chiyani.

NaBanda_Almada:

Achimwene, pitani ku Cascais, musavutike mtima. Ine ndili kuno chaka cha 11, ndimasamalira agogo m'nyumba zawo, ndipo aliyense wobwera kumene kuchokera kwathu ndimayamba kumutengera komweko. Choyamba ndikufunseni, pasi yanu ya pamwezi ndi iti? Ngati ndi Navegante ya 40 yuro ija, ya Metropolitano, ndiye simulipira kalikonse chifukwa Cascais ili mkati mwa dera lomwelo, chimodzimodzi Setúbal, Sesimbra ndi Ericeira. Anthu ambiri a kwathu amalipira pasi imeneyi mwezi ndi mwezi n'kumangoyendera kuntchito ndi kunyumba osadziwa kuti ikhoza kuwafikitsa kunyanja, zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Mayendedwe ake ndi awa, kwerani metro ya buluu ku Amadora Este kapena ku Reboleira, mutsike pa Baixa-Chiado musinthe mukwere yobiriwira, siteshoni imodzi yokha mwafika pa Cais do Sodré. Pamenepo nde pamayambira sitima ya ku Cascais, ulendo wake ndi mphindi cha m'ma 40 ndipo Cascais ndi kumapeto kwa njanji moti simungapitirire. Musaiwale kugunditsa pasi pa makina musanakwere. Mukhale mbali ya kumanzere, pawindo, chifukwa madzi onse ali mbali imeneyo. Muona Belém ndi nsanja yake ija, Algés, Oeiras, ndiye mukamayandikira Carcavelos muyang'anitsitse, pali linga lalikulu la asilikali m'mphepete ndipo pakati pa madzi pali kansanja ka nyali kali kokhakokha, amati Bugio. Cha pamenepo nde pamathera Tejo, tsidya lija limangozimiririka n'kutsala madzi okhaokha. Ine ulendo woyamba ndinagwira pakamwa.

Mukatsika musathamangire malesitilanti a pafupi ndi gombe, amenewo ndi a alendo a matumba olemera, 30 yuro yanu ikhoza kuthera pa mbale imodzi ya nsomba. Phikani mazira kunyumba, tengani buledi, nthochi ndi botolo la madzi, kapena lowani mu supa ya pafupi ndi siteshoni. Loweruka kumakhalanso msika, Mercado da Vila, alimi amabwera ndi masamba ndi zipatso, mukaone mmene amagulitsira kabichi ndi mbatata ya kachewere muyerekeze ndi ya kwathu ku Tsangano. Kenako yendani wapansi kutsata gombe, mudutsa pomwe asodzi amaika mabwato awo, linga lakale, nsanja ya nyali ya Santa Marta ya mizere yoyera ndi yabuluu, mpaka mukafike pa Boca do Inferno. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 2 ndipo salipiritsa. Ndi thanthwe lalikulu lomwe madzi analiboola, mafunde akamalowa m'phangamo amalira ngati bingu. Nthawi ikakhalapo pali basi yopita ku Cabo da Roca, kumene dziko la Ulaya limathera chakumadzulo, pasi yomweyo imagwira, koma kumeneko mphepo yake si yamasewera.

Tsopano mvetsetsani apa achimwene, ndikulankhula ngati mlongo wanu. Uno ndi Novembala, nyengo yosambira inatha ndipo opulumutsa anthu aja pagombe palibe. Madzi a kuno ndi ozizira ngakhale nthawi yotentha, si a ku Beira ayi. Mwati kusambira simudziwa, ndiye madzi asapitirire m'akakolo, ndipo osafulatira nyanja pojambula chithunzi. Funde limabwera laling'ono kasanu kenako lachisanu ndi chimodzi n'kufika pomwe simumayembekeza. Pamiyala yonyowa osapondapo, mpanda ukaikidwa osaudumpha. Nambala ya ngozi ndi 112. Tengani jekete yochindikala ngati mukupita ku Domwe mwezi wa Juni, ndi mapepala anu m'thumba lamkati. Dzuwa likulowa 5 koloko itangopitirira masiku ano ndiye nyamukani m'mawa.

Jere_wa_pa_Ulongwe:

Mphwanga, ine ndili konkuno ku Ulongwe, ndimalima kachewere ndi kugulitsa, nyanja yamchereyo sindinaionepo ndiye za njira sindinganene. Koma za ndalamazo ndinene. 30 yuro ndi ndalama yopitirira 2,000 metikaisi, iweyo ukudziwa chimene ndalama imeneyo ingachite kuno mwezi uno anthu akupanga mizere mvula ili m'khosi. Sindikukuletsa ayi, munthu si ng'ombe yapangolo kuti azingokoka osamasulidwa. Koma ngati mana NaBanda akuti kuli kopita mwaulere, pita kwaulereko, kwa mafunde aataliwo udzapita chimanga chikalowa m'nkhokwe.

China chimene ndikupempha, zithunzizo usaike pa Facebook. Ndili ndi msuweni wanga ali ku Joni, tsiku lina anapita ku Durban ndi anzake a kumpingo n'kuika chithunzi ataima pamchenga atavala magalasi akuda. Sabata imeneyo foni yake sinapume, uyu akufuna ya fizi, uyu ya malata, wina mpaka kukadandaula kwa amalume kuti mwana uja akudya ndalama kunyanja makolo akugona m'nyumba yodontha. Chonsecho ulendowo anachita kusonkherana ya minibasi ndipo nkhuku anaphikira kunyumba. Anthu kumudzi saona simenti imene ukukandayo, amaona mchenga ndi magalasi basi. Ndiye uwatumizire amayi okha ndi mlongo wakoyo, uwauze asagawire ena.

Chisomo_Leiria:

Mano, ine ndine wa ku Furancungo ndikuphunzira ku Leiria, Nazaré ili pafupi ndi kuno moti ndapitako kangapo. Ndikuuzeni zoona kuti musadzanong'oneze bondo. Mnzanu wa ku Brasil sananame, mafunde alipodi, koma sabwera tsiku lililonse. Nyengo yake ndi ino, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, koma amadalira namondwe wa kutali m'nyanja ya Atlantic, ndiye mukhoza kufika n'kupeza nyanja yangoti zii ngati dambo. Anthu amayamba aona kaye pa intaneti zolosera za mafunde asananyamuke.

Chimene chimachititsa n'chosangalatsa kwambiri. Pansi pa nyanja pamenepo pali chigwa chachikulu, chotalika makilomita oposa 200 ndipo malo ena kuya kwake kumafika mamita 5,000, ndiye mutu wa chigwacho umathera pafupi penipeni ndi gombe. Funde loyenda m'chigwamo limathamanga osabwezedwa ndi pansi, pomwe la m'mbali limachedwa poti ndi posaya, ndiye awiriwa akakumana pa Praia do Norte amakwerana n'kuima ngati phiri. Taganizani madzi a Zambezi atapanikizidwa pakati pa mapiri ku Cahora Bassa, mphamvu yake imakhala yotero. Garrett McNamara wa ku America ndi amene anatchukitsa malowa mu 2011 atakwera funde la mamita pafupifupi 24, kenako mu Okutobala 2020 Sebastian Steudtner wa ku Germany anakwera la mamita 26.21. Amachita kukokedwa ndi tinjinga tamoto ta pamadzi chifukwa ndi manja sungalipeze funde lotero. Anthu amaonerera ali pamwamba pa thanthwe pomwe pali linga la São Miguel Arcanjo ndi nyali yake yofiira.

Koma ine chimene chinandigwira mtima si mafundewo. Pagombe la m'tauni pali amayi achikulire amene amayanika nsomba pa timathandala ta ukonde, ndipo nsomba yake mukudziwa ndi iti? Karapau, yemweyu timagula wa mufiriji pamsika kwathu. Amamung'amba pakati, kumutsuka m'madzi amchere n'kumuyanika padzuwa ndi mphepo, fungo lake ndendende pa mabenchi a nsomba zouma za chikowa ku Tete. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mayi wina atavala mpango wakuda ndi masiketi ambirimbiri osanjikiza, kumeneko amati masiketi 7, anandifunsa kwathu, nditati Moçambique anati mchimwene wawo anapitako nthawi ya nkhondo ya atsamunda ali msilikali. Sitinapitirize nkhaniyo, anangondiwonjezera nsomba ziwiri pa zimene ndinagula. Ndinakaziotcha n'kudyera nsima ya ufa wogula mu shopu ya anthu a ku Africa.

Vuto ndi mtunda. Kuchokera ku Lisboa ndi makilomita cha m'ma 120, basi ya Rede Expressos imanyamukira ku Sete Rios ndipo imatenga pafupifupi maola awiri, pasi yanu siifika kumeneko ndiye tikiti yopita ndi yobwerera idya gawo lalikulu la 30 yuro ija. Ndiye ndikugwirizana ndi mana NaBanda, yambani Cascais. Tsiku limene mudzafune Nazaré mudzandiuze ndidzakuchingamireni, tidzakwere limodzi kasitima kokwera phiri kopita ku Sítio, ndi kakale kwambiri, kanayamba mu 1889.

Mphunzitsi_wopuma:

Mwanawe, ndawerenga funso lako kawiri. Ine ndine wa ku Lifidzi, ndinaphunzitsa zaka zambiri ndipo tsopano ndikungosamala mbuzi ndi zidzukulu, foni iyi anandigulira ana.

Mu 1986 nkhondo itafika poipa tinathawira ku Dedza, ngati mmene anachitira anthu ambiri a ku Angonia, ena ku Ntcheu. Tinakhalako mpaka mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, ife tinabwerera chaka chotsatira. Zaka zonsezo maso anali kumudzi, phiri la Domwe tinkaliona lili apo koma osatha kupitako. Tsiku lina bambo wina wa lole amene tinkapemphera naye ananditenga kupita ku Salima kukagula usipa. Ndinali ndisanaonepo nyanja. Mkazi wanga anakana kupita, ankati tikasangalale bwanji abale athu ali m'tchire, ndipo ine ndinapita mtima ukundiimba mlandu ngati mmene ukuchitira iwemu. Titafika ndinavula nsapato n'kuima m'madzi. Sindingathe kulongosola bwino, koma chichokereni kwathu limenelo linali tsiku loyamba kupuma mpweya mpaka pansi pa chifuwa. Mkazi wangayo, mayi ako aakulu, anamwalira asanaione nyanja iliyonse, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti bwenzi nditawakakamiza.

Ndiye pita mwanawe. Amayi ako akamakufunsa za nyanja sikuti akufuna nyanjayo, akufuna amve kuti mwana wawo kumeneko akukhala ngati munthu. Ndalama ya feteleza utumize ndithu, koma uwatumizirenso nkhani yoti akafotokoze pachitsime.

Ndipo ukamadutsa pa Belém pamene akunena a NaBanda, ukumbukire zimene tinkakuphunzitsani. Pamenepo ndi pamene Vasco da Gama ananyamukira mu 1497, n'kudzafika ku Ilha de Moçambique mu 1498. Amene anamutsatira analowa ndi Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete kufuna golide. Njira imene inawabweretsa kwathu ndi madzi omwewo ukawaonewo, ndipo n'chifukwa chake lero mwana wa ku Domwe akulankhula Chipwitikizi pa ntchito ku Lisboa. Ukayang'ane bwino udzandiuze mmene pakuonekera.

Dalaivala_Moatize:

Ine ndimayendetsa thiraki Tete mpaka Beira, makilomita pafupifupi 600, ndiye nyanja ndimaiona pafupipafupi pa Macuti pomwe pali nsanja ya nyali ndi chombo chakale chodzimbirira chija. Langizo langa ndi limodzi, foni uiike m'kapulasitiki. Madzi amchere akalowa m'foni basi yatha, yanga inafera pomwepo. Komanso ku Beira dzuwa limatuluka m'nyanja m'mawa, ndamva kuti kumeneko limachita kulowa m'nyanja madzulo, udzatiuze ngati n'zoona.

wa_ku_Domwe:

Abale ndabwerako, ndikulemba Lamulungu m'mawa miyendo ikuwawa koma mtima uli mbee. Zikomo nonse, ndifotokoze mmene zinayendera poti munandithandiza.

Pasi yanga ndi ya 40 yuro yomweyo mana NaBanda, miyezi yonseyi osadziwa. Ndinanyamuka 7 koloko ndi mazira anayi, buledi ndi tiyi mu fulasiki ya kuntchito. Musitima ndinakhala kumanzere monga munanenera. Aphunzitsi, pa Belém ndinayang'ana, nsanjayo ndi yaing'ono kusiyana ndi mmene inkaonekera m'buku, yoyera, yaima m'mphepete mwa madzi, ndipo chapafupi pali chipilala china chachikulu chokhala ngati mutu wa chombo anthu amiyala atandandalika m'mbali mwake. Sitima imathamanga ndiye ndinangoona pang'ono, koma ndinakumbukira mawu anu ndipo ndidzatsikapo tsiku lina ndikaone bwinobwino. Titapitirira Oeiras tsidya lija linayamba kuchepa, kuchepa, kenako kulibe. Ndinaimirira musitima osadziwa kuti ndaimirira, mayi wina amene anakhala moyang'anana nane anangomwetulira n'kusuntha chikwama chake kuti ndifike bwino pawindo.

Nditatsika ndinapita pa kagombe kakang'ono kali pakati pa miyala kufupi ndi siteshoni, panalibe anthu ambiri, bambo wina ndi galu wake ndi achikulire awiri akusambira m'madzi ozizirawo. Ndinavula nsapato ndi masokosi, kupinda thalauza. Mchenga wake wozizira ngati simenti ya m'mawa. Funde loyamba litandikhudza zala ndinachita kudumpha, kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mafupa. Chimene palibe anandiuza n'choti funde likamabwerera limakumba mchenga pansi pa zidendene, umamva ngati dziko likukuthawa iwe utaima malo amodzi, mutu mpaka unazungulira. Ndinatunga pang'ono m'dzanja n'kulawa. Amchere zedi, oposa amene amayi amaviikamo nsomba, mpaka kuwawa kukhosi.

Pomwepo ndinaimba vidiyo kumudzi, kuno inali 10 koloko kwathu 12 koloko, amayi anali atangobwera kumunda khasu lili pakhomo. Netiweki ya ku Domwe mukuidziwa, chithunzi chimangoima, koma phokoso ankalimva. Anafunsa kuti chikulira n'chiyani, ndi chigayo? Ndinati ayi mayi ndi madzi. Chithunzi chitabwera anakhala chete nthawi yaitali kenako anati tembenuza ndione tsidya, ndinatembenuza pang'onopang'ono mbali yonse, anati kalanga ine, ndiye Mulungu anaunjika madzi onsewa malo amodzi ife n'kumapempha mvula. Anaitana anthu a nyumba yoyandikana, mlongo wanga akukuwa kumbuyo kuti zigoba zanga, zigoba zanga. Kenako amayi anati tuluka m'madzimo tsopano ndakuona. Ndinatuluka. A Jere, za kubisa zija zinakanika pamenepo chifukwa mudzi wonse unaonera pa foni ya amayi, koma pa Facebook sindinaike ndipo ya feteleza ndinali nditatumiza kale Lachisanu, ndiye palibe amene wadandaula mpaka pano.

Ku Boca do Inferno ndinapita wapansi. Panjira ndinalowa mu paki ina yaulere, ndinadabwa kupeza atambala ndi nkhuku zikungoyendayenda pamodzi ndi mapikoko, tambala wina wofiira ndendende wa kwa agogo, ndinakhala pabenchi n'kudya mazira anga pamenepo. Kuthanthweko nyanja inali yolusa. Umaima pamwamba kuseri kwa mpanda, pansi pali dzenje lalikulu, funde limalowa pa khomo la mwala n'kumenya mkati, mwala umene waimapo umanjenjemera m'mapazi, kenako thovu limakwera loyera ngati ufa woyera n'kugwa ngati mvula yowaza. Milomo yanga inali mchere wokhawokha. Panali asodzi awiri ndi mbedza zazitali ataima pamiyala chapatali, ine kungowaona m'mimba munkatentha. Ndinakhala pamenepo kuposa ola, osaganiza za lendi, za mapepala, za abwana, palibe.

Cholakwika chinachitika chimodzi. Pobwerera ndinatsikiranso pamchenga kutola zigoba, ndinawerama nditafulatira nyanja, zomwe munandiletsa zija mana. Funde linabwera n'kundimenya mpaka m'mawondo, nsapato zimene ndinaika pambali zinayandama ndinachita kuzithamangira. Sindinagwe koma ndinaopa kwambiri, mphamvu yake pobwerera imakoka ngati munthu wakugwira miyendo. Foni inapulumuka chifukwa cha kapulasitiki ka a Dalaivala. Ndiye ku Cabo da Roca sindinapite poti thalauza ndi nsapato zinali zonyowa ndipo mphepo inayamba. Ndinagula khofi ndi mtedza wina waukulu umene amaotcha pamakala m'misewu nyengo ino, amati castanhas, amakupatsa m'kapepala kotentha, kukoma kwake ngati mbatata yootcha, ndinafunditsa manja pamenepo. Ndalama yonse imene ndinawononga tsiku lonse sinakwane 6 yuro.

A Dalaivala n'zoona, limalowa m'madzi. Ndinabwereranso chakuthanthwe kuja kukadikira, linafiira ngati chitsulo cha pamoto n'kumira pang'onopang'ono mpaka kutsala kamzere, anthu onse anali chete. Kwathu limalowa kuseri kwa mapiri ndiye sindinkadziwa kuti limatha kuoneka lonse mpaka pomaliza.

Zigoba ndatola 14, zina zoyera za mizeremizere zina zakuda zazitali, ndazitsuka zili pawindo zikuuma. Funso langa tsopano ndi lakuti alipo amene akupita ku Tete mwezi wa Disembala woti anganditengere? Ndi kaphukusi kakang'ono kokwana m'thumba la jekete.

NaBanda_Almada:

Achimwene mwandiliza ndi mawu a amayiwo. Koma za kufulatira nyanja zija musadzabwerezenso chonde, ndanjenjemera powerenga. Nsapatozo muzitsuke ndi madzi a pampopi apo ayi mchere uzidya. Ine ndikupita kumudzi pakati pa Disembala, nditsikira ku Maputo kenako ndege ya ku Chingodzi, ndipo shapa (minibasi) ya ku Ulongwe ndikwera ndithu poti ndikukaona azakhali. Zigobazo muzikulunge mu sokosi kuti zisasweke, mulembe dzina la mlongo wanuyo pa kapepala, mundipatse Lamulungu likudzali pa Cais do Sodré ndikamachokera ku tchalitchi. Wina wa kwanu adzandipeze pa siteji ya mashapa pa Ulongwe.